Ana a ku China, funsani kaye musanakwere ndege

Masiku apitawa bambo wina wa ku China, yemwe ali ndi sitolo ya zitsulo m'tauni muno, adandifunsa nzeru. Mwana wawo kwawo ku Fujian wangolemba mayeso, ndipo akuumirira zokaphunzira ku Britain kapena ku America. Ndidaseka, poti ineyo yunivesite ndidaisiyira panjira m'chaka chachiwiri fizi itandithera. Koma mwina n'chifukwa chake ndingayankhe, pakuti ndikudziwa kuwawa kobwerera kumudzi chimanjamanja.

Choyamba timvetse chomwe chimawathamangitsa anawa. Chaka chilichonse pa 7 June ku China kumayamba mayeso otchedwa gaokao, ndipo mu 2024 olembetsa adaposa 13 miliyoni. Malo m'mayunivesite otchuka monga Tsinghua ndi Peking ndi ochepa zedi. Tsono mwana akaphonya pang'ono, makolo amayamba kuyang'ana kunja. Njirayi si yachilendo ayi. Yung Wing adatsiriza maphunziro ku Yale mu 1854, ndipo mu December 1978, Deng Xiaoping atatsegula chitseko, anthu 52 adanyamuka ulendo wa ku America. Vuto n'loti masiku ano ambiri akupita chifukwa choti mwana wa neba wapita.

Langizo langa loyamba ndi la ndalama. Werengani za zaka zonse, osati za chaka choyamba chokha. Digiri yoyamba ku England imatenga zaka 3, ku America zaka 4. Pamwamba pa fizi pali lendi, chakudya, ndege, ndipo ku Britain kuyambira February 2024 wophunzira wakunja amalipiranso mapaundi 776 pachaka a chithandizo cha chipatala. Musadzinamize kuti ganyu akupulumutsani. M'maiko onse awiriwa lamulo limalola maola 20 okha pasabata sukulu ikakhala yotsegula. Ine fizi ya chaka choyamba ndidali nayo, ya chachiwiri ndinkati tidzaonera komweko. Komweko kudandionetsa zakuda.

Chachiwiri, viza imayendera ndale. M'chaka cha sukulu cha 2019/20 ku America kudali ophunzira a ku China oposa 372,000. Pofika 2023/24 adatsika kufika pa 277,000, ndipo India adawapitirira. Mu May 2020 Donald Trump adaletsa ophunzira a madigiri apamwamba ochokera ku sukulu zogwirizana ndi asilikali a China. Mu May 2025 Marco Rubio adalengeza kuti boma lawo lilanda maviza a ophunzira ena a ku China, makamaka a maphunziro amene America imawatenga kuti ndi achitetezo. Amene akufuna zauinjiniya kapena zamakompyuta asadalire khomo limodzi. Kuli Hong Kong, kuli Singapore, kulinso Germany komwe mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, ngakhale maphunziro ambiri a digiri yoyamba amafuna Chijeremani.

Chachitatu, chenjerani ndi maejenti. Ambiri amadya komishoni kuchokera ku sukulu zomwe akukutumizaniko, ndiye angakuuzeni zoipa zake bwanji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku China digiri yakunja imayamba yatsimikizidwa ndi bungwe la CSCSE la pansi pa unduna wa maphunziro, ndipo popanda chitsimikizocho ntchito ya boma njovuta kuipeza. Mu January 2023 bungweli lidalengeza kuti lasiya kuvomereza madigiri akunja ophunziridwa pa intaneti. Fufuzani dzina la sukuluyo musanalipire ngakhale yuan imodzi.

Chachinayi, dzifunseni kuti mukabwerako mudzatani. Kale wobwerera ndi digiri yakunja ankamutcha haigui, kutanthauza kamba wa m'nyanja, ndipo ntchito zinkachita kumulondola. Kenaka kudabadwa dzina lachipongwe loti haidai, ndere za m'nyanja, la wobwerera amene akungodikira ntchito. Mu June 2023 ulova wa achinyamata a m'matauni a zaka 16 mpaka 24 udafika pa 21.3 peresenti. Pamsika wotere bwana sachita mantha ndi chidindo cha London, amafunsa zomwe mukutha kuchita.

Pomaliza pali chinenero. Kukhoza IELTS ndi nkhani ina, kutsutsana ndi mphunzitsi m'kalasi ndi inanso. Mwana amene amadya, kugona ndi kucheza ndi anzake a kwawo okhaokha amabwerako ndi Chingerezi chomwe adapita nacho. Ndipo ali yekhayekha choncho ndi pomwe akathyali amamuimbira foni, kunamizira kuti ndi apolisi a ku China, n'kumulanda ndalama za makolo. Apolisi a ku Australia adachenjezapo za chinyengo chimenechi mu 2020.

Sindikuti asapite ayi. Wodziwa chomwe akukaphunzira, wokhala ndi ndalama zokwana mpaka tsiku lovala gauni, apite ndithu ndipo akapindula. Bambo aja ndidawauza kuti atenge pepala ndi pensulo, aimbire mwana wawo foni, awerengetsere limodzi. Masamuwo akakana, mwanayo ayambe digiri yoyamba kwawo, ya masitazi ya chaka chimodzi ku Britain adzaiganizira pambuyo. Inu amalonda anzanga amene mukusungira mwana ndalama za ulendo wotere, pepala lomwelo likukuyembekezani. Safunsa adadya phula.