Mbalame za pa mtondo

Anzathu, chisanu chafika. Mwezi wa Juni ndi wa Julaye kuno ku Angónia kumazizira mpaka zala kuuma. Chimanga chili m'nkhokwe. Udzu wauma, ziwala ndi mbozi zasowa. Anamzeze ambiri anachoka kale kupita ku Ulaya, adzabwera ndi mvula. Koma mbalame zina sizipita kutali. Njala ikazigwira zimabwera pakhomo pathu.

Taonani m'mawa, amayi akatha kusinja ndi kupeta. Pansi pa mtondo pamatsala gaga ndi timisere. Nkhuku zikachoka pamatera mpheta, kenaka njiwa ziwiriziwiri. Pumbwa amadikira mumtengo wa papaya. Khwangwala ndiye sadikira kuitanidwa.

Anyamata athu amadziwa zimenezi. Amatchera ulimbo pafupi ndi mtondo, legeni ili m'thumba. Ife tikuti: tisamalize mbalame izi.

Tikudziwa zimene muyankhe. Mbalame ndi ndiwo. Ndiponso ndani sanapsepo ndi dzuwa pa nsanja, kuingitsa mbalame m'mapira? Zoonadi, mpheta imaba. Koma mpheta yomweyo ikaswa nthawi ya dzinja, imadyetsa ana ake mbozi ndi tiziwala, chifukwa mwana wa mpheta sakula ndi njere zokha. Nanga mbozizo imazitola kuti? M'minda mwathu, ndi m'munda wa koperativa. Mankhwala ophera mbozi timagula ndi ndalama. Mpheta sitiilipira kanthu. Njiwa ndi ina, iyo imadya makamaka njere. Za njiwa sitikangana nanu.

Anthu ena anayesa kale kumaliza mpheta. Ku China, m'chaka cha 1958, boma linalamula kuti mpheta zonse ziphedwe chifukwa zimadya mpunga ndi tirigu. Anthu ankamenya ng'oma ndi mapoto kuti mbalame zisatere, mpaka zinkagwa pansi ndi kutopa. Anaphwasula zisa, naswa mazira. Zitatero, dzombe ndi tizilombo tina zinachuluka m'minda. Mu 1960 lamulo lija analichotsa, koma njala yaikulu inali italowa kale. Njalayo inali ndi zifukwa zina zambiri, koma kupha mbalame kunaonjezera.

Sitikuti mupatse mbalame chimanga cha ana, iyayi. Gaga ndi wa nkhuku ndi nkhumba, tikudziwa. Tikunena zotsalira pansi zija. Mukasesa musataye kudzala. Kazimwazeni poyera, kutali ndi nkhokwe, kuti zisaitane makoswe. Thirani madzi m'phale, muike pamwamba pamene nkhuku sizimwa, chifukwa mbalame zakutchire ndi nkhuku zimatha kupatsana matenda. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku.

Za ulimbo ndi legeni tidzakambirana pa msonkhano wa koperativa, makolo a anyamata ali pomwepo. Koma mawa pobwera kudzaphunzira, aliyense alembe pa pepala maina a mbalame zimene waona pa mtondo wa kwawo. Tidzawerenga pamodzi.