Vinyo uja waiwalika m'kabati: amwedwe kapena atayidwe?

M'nyumba zambiri kuno ku Phalombe, kaya ku Migowi, ku Chiringa kapena paboma, muli kabati ya magalasi yosungiramo mbale za alendo. Kuseri kwa mbalezo simulephera kupeza botolo la vinyo. Mwina linabwera ndi achimwene pochokera ku Joni, mwina linatsala paukwati, mwina linadutsa pa Muloza kuchokera ku Milange. Aliyense amati lidikire tsiku lalikulu, ndipo zaka zikungopita.

Chimene chimatinamiza ndi mawu aja oti vinyo amakoma akakalamba. Ndi zoona, koma kwa vinyo wochepa kwambiri, wodula, wopangidwa dala kuti asungidwe pamalo ozizira pafupifupi madigiri 13. Four Cousins, 4th Street ndi Drostdy-Hof amene timagulawa anapangidwa kuti amwedwe msanga. Woyera ndi wa pinki uja amayamba kutha mphamvu pakangodutsa chaka chimodzi kapena ziwiri. Wofiira amapirirako pang'ono, mwina zaka zitatu. Chaka cholembedwa pabotolo ndi chomwe mphesa zinakololedwa, si tsiku lothera ntchito ayi.

Ndiye taganizirani chipinda cha malata mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa muno litaswa mtengo. Kutentha kukamapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku, vinyo amachita ngati waphikidwa. Kafungo ka zipatso kamathawa, kumatsala kukoma ngati jamu wopserera. Botolo limene lapirira nyengo zotentha zisanu pansi pa malata, ine sindingaliyikire mlendo patebulo.

Koma kodi lingakudwalitseni? Ngati silinatsegulidwepo, kawirikawiri ayi. Vinyo ali ndi mowa ndi asidi wokwanira moti tizilombo totsegula m'mimba sitikhalamo. Chimene chimamuwononga ndi mpweya. Ukalowa, tizilombo tina timasandutsa mowawo kukhala viniga, nkhani imene Louis Pasteur anaifufuza ku France m'zaka za m'ma 1860. Viniga sapha munthu, kungoti palibe amene amamuthira m'tambula n'kumwa akusekerera.

Yambani ndi maso. Woyera akafika pooneka ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wofiira akasanduka wa mtundu wa njerwa yakale, ndiye kuti mpweya unamupeza kale. Onaninso pakamwa pa botolo: chotsekera chikatukumuka kapena pali zomatamata zosonyeza kuti anadontha, kutentha kunagwira ntchito yake. Kenako nunkhizani. Fungo la viniga, la mankhwala ofufutira penti wa m'zikhadabo, kapena la katoni yonyowa, basi zatha. Koma timiyala tonga shuga pansi pa botolo tisakuopseni. Si magalasi osweka, ndi mchere wa m'mphesa momwemo ndipo tilibe vuto. Zonsezi zikakhala bwino, lawani pang'ono, lilime likuuzani.

Wa m'katoni uja wa malita asanu nkhani yake ndi ina. Thumba lam'kati limalowetsa mpweya pang'onopang'ono, n'chifukwa chake pakatoni amalembapo deti, ndipo detilo muzilimvera. Botolo lotsegula kale limangokhala masiku atatu mpaka asanu, mu fuliji, ngati magetsi alola. Amarula musamuwerengere m'gulu la vinyo, muli mkaka mmenemo. Akachita zibuma, kataye.

Pali mabotolo amene sindikufuna kuti mulawe n'komwe. Oyamba ndi amene anamizidwa m'madzi osefukira, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Madzi aja anasakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo matope amabisala m'mizere ya chotsekera momwe sopo safika. Pothira, vinyo amadutsa pomwepo. Achiwiri ndi botolo la dzina lodziwika koma chidindo chake n'chodulidwa, kapena lopanda chikalata chilichonse. Vinyo weniweni sasanduka poizoni chifukwa cha ukalamba, koma mowa wachinyengo wothiridwa methanol umachititsa khungu ndipo umapha. Sitinaiwale anthu amene anamwalira ku Manase mu Blantyre mu 2024 atamwa mowa wotchedwa "Ambuye n'tengeni".

Nanga wa chidede kapena wa nthochi wofululidwa pakhomo? Ameneyu sachedwa. Shuga akatsalamo amapitiriza kuwira m'botolo, chigubu n'kufufuma, nthawi zina n'kuphulika. Mukaona nkhungu pamwamba kapena fungo lachilendo, musachite kukambirana naye.

Vinyo amene wangozilala koma sanasase ali ndi ntchito kukhitchini. Thirani theka la kapu mu nyama ya mbuzi ikamabwata, pamodzi ndi anyezi ndi tomato, muisiye iphike nthawi yaitali pamoto wochepa. Botolo lina likabwera pa Khirisimasi ikubwerayi, liikeni pansi m'chipinda chozizirako, kutali ndi zenera, ndipo lisaone Okutobala wachiwiri.