Mlenje wa m'botolo

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Sitandade 6, ali ndi chiweto chimene anganga ake safuna n'kuchiona komwe. Chimakhala m'botolo la pulasitiki lodula pakamwa, lovindikira ndi kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu. Pansi anathirapo mchenga wa kunyanja n'kuikamo kakhungwa ka mtengo. Ndinachiona Loweruka lapitali nditapita kumudzi ku Lungwena. Ndisanakhale n'komwe pamkeka, mnyamatayo anali atandigwira kale dzanja, ulendo kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, tabwerani mudzaone mlenje wanga. Lero sanadye."

Anatola kachilombo kofiira, mwa tija timaunjikana pa malambe osweka pansi pa mlambe, n'kukaponya m'botolomo. Mlenjeyo anali phee kunsi kwa khungwa. Atatuluka ndinayamba ndaganiza kuti ndi wamtundu umodzi ndi kaponyedwako, poti kufiira kwake n'komweko, mawanga akuda pamapiko ndi omwewo. Nditayandikitsa maso ndinaona kusiyana. Mlenje ndi wokulirapo, mutu wake ndi wautali pa kakhosi kowonda, ndipo kunsi kwa mutuwo kuli mlomo waufupi, wonenepa, wokhota ngati mbedza, woupindira pachifuwa. Anayenda monyang'ama, mwendo umodziumodzi. Kenaka gwi! ndi miyendo yakutsogolo, mlomo uja tambasu, n'kubaya. Kogwidwako kanangophupha pang'ono, basi zii. Titabwerako madzulo tinapeza chigoba chokhachokha, chopepuka ngati mankhusu a mpunga.

Chimene chimachitika n'chakuti malovu a mlenjeyu ali ndi ululu. Akabaya, ululuwo umaumitsa thupi la chogwidwacho, kenaka umasungunula zam'kati mwake kukhala ngati phala lamadzimadzi, iye n'kumayamwa ndi mlomo womwewo. Azungu amamutcha assassin bug, kutanthauza wopha mobisalira. Mitundu yake ilipo pafupifupi 7,000 padziko lonse, ndipo ndi wachibale wa nsikidzi ndi nkhunguni, zomwenso zimadya moyamwa.

Mayi anga sanafune kumva zonsezi. "Iwe, kataye zimenezo kumoto! Anzako akuweta nkhunda, iwe ukuweta zoluma anthu?" Mantha awo ali ndi maziko. Sabata yoyamba mnyamatayu anamugwira mlenjeyo ndi manja, iye n'kumubaya pachala. Akuti ululu wake unaposa wa mavu, chala chinatupa mpaka mawa lake. Koma ine ndili kumbali ya mwanayu, ndipo ndikufuna makolo anzanga amve chifukwa chake.

Ku Germany, ku Britain ndi ku America kuli anthu akuluakulu amene amagula tizilombo ta mtunduwu ndi ndalama zawo n'kumaweta m'mabokosi a galasi. Kotchuka kwambiri ndi Platymeris biguttatus, kochokera kuno ku Africa: kakuda, kotalika mpaka masentimita 4, kokhala ndi mawanga awiri oyera pamapiko ndi mizere yachikasu m'miyendo. Amakadyetsa mphemvu, amakaikira dothi lachinyezi loti kaikiremo mazira, ana n'kuswa ali ofiira. Kameneka kakakwiya kamalavula ululu mpaka mtunda wa masentimita 30, ndipo ukalowa m'diso munthu amakhala nthawi asakuona bwino. Achibale ake a ku Zanzibar anatengedwa kupita ku India ndi kuzilumba za Pacific kuti akathandize kupha chikumbu chanyanga chimene chimaboola mitengo ya kokonati. Anthu akutali anaona ntchito m'kachilombo kamene ife timakaponda ndi nsapato.

Wa mphwangayu ndiye ali ndi ntchito yake pano pomwe. Tofiira tija timakhala pa malambe n'tomwe timasamukira m'minda ya thonje kuno ku Mangochi, ku Balaka ndi ku Salima pamene zibalobalo zayamba kukhwima. Akatswiri amatitcha Dysdercus. Timabaya kuti tiyamwe njere, ndipo pobayapo timasiya nkhungu imene imathimbiritsa thonje kukhala lachikasu. Mlimi aliyense amene anakhalapo pamphasa kusankha thonje akudziwa kuwawa kwake kuona mulu wa giredi B ukukula. Tsono mlenje wofanana natoyu, amene dzina lake la sayansi ndi Phonoctonus, amakhala pakati pa tomweto n'kumatidya tsiku ndi tsiku. Mlimi akabwera ndi sipuleya kumsana amangoona zofiira zokhazokha, n'kupopera wakuba ndi mlonda pamodzi. Sindikunena kuti mlenje payekha angapulumutse munda, iyayi. Koma alangizi akamati yambani mwayendera munda ndi kuwerenga tizilombo musanapopere, uphunguwo umafuna munthu wa maso odziwa kusiyanitsa. Maso otere sagulidwa kusitolo ya zipangizo zaulimi.

Apa ndi pamene pamandipweteka mtima. Pitani pagombe m'mawa ngalawa zikamakocheza. Mwana wa zaka khumi akuuzani kuti uyu ndi usipa, uyu utaka, aka kambuzi, uyu mcheni, ndipo chambo sangachisokoneze ndi china chilichonse ngakhale chikhale chaching'ono. Palibe amene anamulembera pabolodi. Anazigwira, anazitumbula, anaziyanika pathandala. Ziwala, ngumbi ndi mafulufute timazidziwanso bwino chifukwa zimalowa mumphika. Koma chilichonse chokwawa chimene sitidya timangoti kachilombo, ndipo chigamulo chake n'chimodzi: ipha. Mphwanga uja, m'milungu itatu yokha yoyang'ana m'botolo, wadziwa kuti mlenje wake sadya tsamba, kuti safuna chakufa kale, kuti ukamukhudza ndi kamtengo amalira kuti tsi-tsi-tsi pokhuza nsonga ya mlomo pakamphako ka pachifuwa. Zimenezi anandiuza yekha, ndipo mabuku a akatswiri amanena zomwezo.

Wina amene wawerenga pa intaneti andifunsa za matenda. Zoona, m'banja lomweli muli tizilombo toyamwa magazi a anthu usiku, tofalitsa matenda amene dokotala wa ku Brazil, Carlos Chagas, anawatulukira m'chaka cha 1909. Koma nkhani imeneyo ndi ya kutali, makamaka maiko a ku Latin America. Alenje a pansi pa milambe yathu amadya tizilombo tinzawo, ndipo munthu amamubaya pokhapokha akawafinya.

Choncho tinakhala pansi atatu, ine, mnyamatayo ndi anganga ake, n'kupangana. Botolo lizikhala kunja, pamthunzi, patali ndi ana okwawa. Dzanja lisalowemo, azigwiritsa ntchito kamtengo. Nkhope isayandikire pakamwa pa botolo. M'botolo limodzi asadzazemo ambiri, poti njala ikavuta amadyana okhaokha. Ndipo akamaliza kuphunzira zimene akufuna, akamubwezere pansi pa mlambe pomwe anamutenga. Mayi anavomera monyinyirika, n'kuonjezera lamulo lawo lakuti asadzayerekeze kutenga chidebe chawo cha mchere kuti chikhale khola lachiwiri.

Ine ndinaonjezapo kope ndi pensulo, kuti azilemba tsiku limene mlenje wadya ndi chimene wadya. Lamulungu masana, ndikudikira galimoto yochokera ku Makanjira yobwerera ku boma, ndinamuona atagwada pansi pa mlambe wa pafupi ndi msewu, akutembenuza zigoba za malambe ndi kamtengo. Anandikuwira kuti akufuna wamkazi, aone mmene mazira ake amaonekera.