ZA ULIMI: THIRAKITALA IKAKANA MAGIYA

Mvula yoyamba itagwa m'mwezi wa November, mlimi wina wa ku Kagoro anandiitana kuti ndikaone thirakitala yake imene inaima pakati pa munda, pulawo iri m'nthaka. Ndodo ya magiya inali kungogwedezeka monga mthiko mu mphika wopanda kanthu, koma makina anakakamira m'giya limodzi. Anthu asanu anali atalipira kale kuti awalimire, ndipo makanika wina anati thirakitalayo aigawe pakati. Ndinawauza kuti ayambe adikira.

Thirakitalayi inali Massey Ferguson 135, mtundu umene unapangidwa ku Coventry. Ambiri a inu ku Katete, Sinda ndi Vubwi mumaidziwa bwino nkhalamba imeneyi. Nthenda yake ndi iyi: nsonga ya pansi ya ndodo imaperepeseka ndi zaka, ndipo woyendetsa akakankha mwaukali, nsongayo imatumpha nituluka m'mipata ya tizitsulo tosuntha magiya.

Tinazimitsa injini ndi kuika miyala ku mawilo. Musaiwale zimenezi, pakuti giya likamasuka thirakitala ikhoza kukunkhulika. Kenaka tinatsegula citseko cothirira oilo cimene ciri pafupi ndi ndodo, ndipo tinaunika ndi toci. Mipata imene iyenera kukhala pa mzere umodzi inali itasiyana. Tinakankha kacitsulo kosokerako pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yaitali kufikira mipata inalingana, ndodo nkubwerera m'malo mwake. Madzulo a tsikulo munda unatha. Koma nsonga yoperepesekayo iyenera kuocereredwa kapena kugula ndodo ina, apo ayi vuto lidzabweranso.

Ngati ndodo iri bwino koma magiya alira "kwerr" polowa, yang'anani kilachi. Phazi liyenera kutsika pang'ono kilachi isanayambe kulimba. Mpata umenewu ukakula kwambiri, kilachi simasula bwino ndipo mano a magiya amalumana. Kumbukiraninso kuti magiya a makina akalewa safuna kusinthidwa thirakitala iri kuyenda monga ticitira ndi galimoto. Imani coyamba. Anyamata ophunzira pa minibasi ndiwo atha mano a magiya m'midzi yathu.

Onaninso oilo. Akaoneka woyera ngati tiyi wa mkaka, madzi alowa, ndipo kawirikawiri amalowera pa mphira wong'ambika wa patsinde pa ndodo, makamaka thirakitala yogona pabwalo dzinja lonse. Oilo yemweyo ndiye amanyamula pulawo, cotero mukhetseni yense pa zitseko ziwiri za pansi ndi kuthira watsopano. Mphira ndi wa mtengo wocepa. Funsani kwa ogulitsa zitsulo ku Chipata.

Mukaimika thirakitala kwa miyezi, pondani kilachi ndi kuipanikiza ndi mtengo, kuti mbale yake isamatirire ndi dzimbiri.