Zilembo za Malume Zikuchepa

Malume anga amandilembera kalata kawiri pa teremu. Kale zilembo zawo zinali zikuluzikulu, zoimirira bwino ngati za mphunzitsi wa Sitandade 1. Chiyambireni kumwa mankhwala a matenda a misala, kalata zija zasintha. Mzere umayamba bwinobwino, koma pofika kumapeto zilembo zimakhala zitachepa ngati nyerere. Amayi amati matendawo akukula. Ine ndikukayikira mankhwala.

Mankhwala monga chlorpromazine, amene madokotala a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mu 1952, ndiponso haloperidol, amatontholetsa mawu amene wodwala amamva m'mutu potsekereza mphamvu ya dopamine mu ubongo. Tsoka ilo, dopamine yemweyo ndiye amafewetsa kayendedwe ka thupi. Mlingo ukapyola, munthu amauma, amanjenjemera, ndipo amayenda mokwekweza mapazi ngati wodwala Parkinson. M'zaka za m'ma 1950, dokotala wa ku Germany, Hans-Joachim Haase, anaona kuti dzanja limaulula zimenezi miyendo isanaonetse kanthu. Iye ankauza odwala kukopera ndime yomweyomweyo mobwerezabwereza. Zilembo zikayamba kuchepa ndi kupanikizana, ankadziwa kuti mlingo wakwana, kuwonjezera ndi kungomuzunza munthu. Lero ofufuza ali ndi cholembera cholumikizidwa ku kompyuta chimene chimayeza liwiro ndi kugwedezeka kwa dzanja.

Anzanga, musandimve molakwa. Sindikunena za aja amati akaona kalembedwe kako adziwa ngati ndiwe wonyada kapena wakuba. Kumeneko ndi kuombeza. Zikanakhala zoona, Bambo amene amatiphunzitsa Chilatini akanandipirikitsa kalekale pa seminale pano! Kalembedwe sikanganene kuti uyu ali ndi schizophrenia. Kamangoonetsa mmene minofu ikugwirira ntchito, ndipo timafanizira zolemba za munthu yemweyo, zakale ndi zatsopano.

Chondiwawa nchakuti pepala ndi cholembera nzotchipa, koma kuchipatala kumene amalandira mankhwala palibe anawapemphapo malume kuti alembe ngakhale dzina lawo. Amangofunsidwa ngati akugona, ngati mawu aja anasiya, basi. Chaka chatha iwo anatopa ndi kuuma kwa thupi nasiya okha mankhwala milungu itatu. Matenda anabwerera, mpaka tinakawapeza kumsika usiku alibe nsapato.

Sindiwauza kuti achepetse mlingo paokha, imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Koma ndasunga makalata awo asanu ndi limodzi, ndawasanja motsata masiku. Tikatsekera sukulu ndidzaperekeza amayi kuchipatalako, ndipo ndidzawayala pa tebulo la dokotalayo.