Owerengera chuma cha boma alowe m'chipinda cha umboni

Aliyense amene anapondako pa polisi mu Lilongwe muno anaziona njinga zamoto zitandanda pabwalo, zina matayala ataphwa, zina udzu utamera m'masipoko. Kuseri kwake kumakhala kachipinda kotseka ndi loko, mosungira katundu wa umboni: mafoni, mawailesi, matumba a chamba, zikwanje, ndalama za m'maenvelopu. Katundu ameneyu si wa apolisi. Wina ndi wa oberedwa, wina ndi wa oganiziridwa amene khoti silinawapeze olakwa. Apolisi anangosungitsidwa, ndipo makolo athu anatiphunzitsa kuti chosungitsidwa ndi amana, chiyenera kubwerera kwa mwini wake monga chinalili.

Mnyamata wina amene tinamuphunzitsa ali wamng'ono, wa kwathu kunyanja, anabwera kuno kwa Njewa kudzachita kabaza pa njinga ya ngongole. Tsiku lina ananyamula munthu amene anali ndi katundu wakuba, iye osadziwa. Njinga inagwidwa ngati umboni. Mlandu utatha iye anapezeka wosalakwa, koma njinga anailandira ilibe batire, ilibe magalasi, ndipo tayala lakumbuyo silinali lake. Atafunsa anauzidwa kuti inabwera choncho. Pepala losonyeza mmene inalili tsiku loigwira analibe. Ngongole akubwezabe mpaka lero, ndipo mayi ake kumudzi anasiya kulandira kangachepe kamene ankawatumizira mwezi ndi mwezi.

Sitikunena kuti wapolisi aliyense ndi wakuba. Tikunena kuti chipinda chimene mwini kiyi ndi yemweyo wolemba kaundula, ndi yemweyonso wotsimikiza kuti kaundulayo ali bwino, chimaika munthu pa mayeso amene ambiri a ife sitingawapambane. Chifukwa chake tikufuna diso lochokera kunja.

Ena pa misonkhano ya m'madera amati owerengera chuma a khonsolo ya mzinda wa Lilongwe azilowa m'zipinda zimenezi. Maganizowo ndi abwino koma agogoda pa khomo lolakwika. M'maiko monga America mizinda yambiri ili ndi polisi yakeyake, yolipidwa ndi mzinda, choncho wowerengera wa mzinda ali ndi chifukwa chofunsira kiyi. Kuno polisi ndi imodzi dziko lonse, likulu lake ku Area 30, pansi pa Inspector General. Khonsolo ingawerenge ndalama za ziphaso za mumsika wa Kawale, koma ilibe ulamuliro pa loko wa polisi. Khomo loyenera ndi ofesi ya Auditor General, imene gawo 184 la Malamulo Aakulu a dziko linaikhazikitsa kuti izilondoloza chuma cha boma ndi kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka. Lamulo la Public Audit Act la 2003 linailimbikitsa pa ntchito yomweyo. Chimene tikupempha ndi chakuti ofesiyi isamathere pa mabuku a mafuta a galimoto ndi malipiro a apolisi. Izifika pa polisi mosalengeza, itenge kaundula wa umboni, iwerenge chinthu chimodzichimodzi.

Otsutsa ali ndi mfundo imene sitiyenera kuipeputsa. Amati umboni ukakhudzidwa ndi manja ambiri umafooka kukhoti, ndipo loya wochenjera adzamasula chigawenga ponena kuti envelopu inatsegulidwa ndi mlendo. Amatinso zinsinsi za kafukufuku zingatuluke. Koma wowerengera safunika kumatula envelopu kapena kuwerenga mauthenga a m'foni. Ntchito yake ndi kuona ngati nambala ya m'kaundula ili ndi chinthu chake pa shelefu, ngati chidindo chili chosamatula, ndi ngati wotulutsa chinthu anasaina. Achite izi pamaso pa wosunga chipinda ndi mlembi wa khoti la majisitireti, onse atatu asaine. Kuchita motero kumalimbitsa umboni. Chimene chimamasula zigawenga ndi thumba la chamba limene linalowa lodzaza n'kukafika kukhoti lili theka.

Ena amati kuwerenga n'kunyoza apolisi. Ife tikuona kuti kumateteza wapolisi wokhulupirika, amene lero akalandira kiyi kwa mnzake wosamutsidwa amalandiranso milandu ya zinthu zimene zinasowa iye asanafike. Ndipo lamulo la apolisi la 2010 linavomereza kale diso la kunja: linakhazikitsa Independent Complaints Commission yolandira madandaulo a anthu, linalolanso anthu wamba osankhidwa kuti aziyendera zitolokosi. Ngati tinalola kuti mlendo aone mmene munthu akusungidwira, tikanirenji kuti aone mmene katundu wa munthuyo akusungidwira?

Dziko lino likudziwa mtengo wa chipinda chosalowa diso. Mu 2013 ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito ku Capital Hill. Kampani ya Baker Tilly itaitanidwa kudzawerenga, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi 6 yokha. Kuchuluka kwake kunadziwika chifukwa owerengera ochokera kunja anapatsidwa mabuku.

Kuwerenga umboni timakutha tikafuna. Mu Marichi 2016 ku Mzuzu kunatenthedwa minyanga ya njovu 781, yolemera matani 2.6, imene inagwidwa ikuchokera ku Tanzania. Inasungidwa zaka, inawerengedwa umodziumodzi, inayesedwa pa sikelo, chifukwa maiko anali kuyang'ana. Njovu yakufa inapeza woiwerengera. Njinga ya mwana wa msodzi, imene ikudyetsa banja ku Chinsapo ndi lina ku Nkhotakota, ikusowa woilembera ngakhale nambala ya batire.

Palinso kutaya kumene kumachitika popanda wakuba. Ndalama imene inatsekeredwa mu envelopu kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwini wake akailandira lero sigula zimene ikanagula kale. Njinga yokhala padzuwa ndi pamvula zaka ziwiri imasanduka zitsulo. Gawo 28 la Malamulo Aakulu limaletsa kulanda munthu katundu wake popanda chifukwa chomveka. Wowerengera akamalemba zaka zimene chinthu chilichonse chakhala m'chipinda, aphungu a komiti ya Public Accounts adzakhala ndi pofunsira chifukwa chimene katundu wa milandu yotha kale sakubwezedwera.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ovutika ndi nkhaniyi ndi ife, amene ana athu ali pa kabaza ku Mgona, ku Biwi ndi ku Area 25. Auzeni ana anu kuti katundu akagwidwa apemphe mwaulemu kuti alembedwe ali pomwepo, ndi mmene alili, ndipo asunge nambala ya mlandu. Pakasowa kanthu, akadandaule ku Independent Complaints Commission. Ndipo phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano kumudzi, mufunseni ngati anaonapo m'lipoti la Auditor General tsamba lonena za zipinda za umboni, ndi tsiku limene adzalifunse m'Nyumba ya Malamulo.