Mphatso ya mu wilu yotetezera nkhalango ya Rufunsa

Munthu wofuna kuti gawo la chuma chake lidzateteze nkhalango iye atamwalira ayenera kulemba wilu. Kawirikawiri malamulo a Zambia salemekeza lonjezo la pakamwa pa nkhani imeneyi. Ngati palibe wilu, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma motere: ana amatenga 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira womwalirayo 10. Mtengo ndi njovu zilibe gawo pamenepo.

Wiluyo iyenera kukhala yolembedwa, ndipo mwini wake aisaine pamaso pa mboni ziwiri. Dzina la bungwe lolandira mphatso lilembedwe lonse monga mmene linalembetsedwera ku boma, chifukwa mawu akuti "zipite kwa osamalira nyama" amangoyambitsa milandu. Banja lisaiwalidwe: khoti lili ndi mphamvu yosintha kagawidwe ngati mkazi ndi ana asiyidwa manja lende, ndipo n'zoyenera kutero.

Ku Rufunsa nkhaniyi ndi yapafupi. Bomali, lomwe kale linali mbali ya Chongwe, lili chakumpoto kwa Lower Zambezi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983. Woyenda pa Great East Road amaona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu, omangidwa ndi luzi pamwamba, kudikira malole opita ku Lusaka. Chakuseri kwake kuli zitsa za mombo ndi uvuni wofuka utsi. Wootcha makala si mdani wa nkhalango. Akufuna ufa ndi fizi ya mwana. N'chifukwa chake mphatso yothandiza kwambiri ndi yomwe imapatsa anthu njira ina yopezera ndalama, monga ming'oma ya njuchi, kapena yolipira alonda a nyama ochokera m'midzi momwemo. Bungwe la Conservation Lower Zambezi lakhala likuthandiza kuteteza nyama za m'chigwa cha Zambezi kuyambira 1994, ndipo BioCarbon Partners imasamalira nkhalango ya Rufunsa Conservancy.

Polemba wilu, nkhani ya malo imafuna kusamala kwambiri. Nthaka yambiri m'bomali ili m'manja mwa mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, ndipo munthu sangailembe mu wilu ngati yakeyake. Zimene angasiye popanda mkangano ndi ndalama, ziweto, galimoto, kapena munda wokhala ndi mapepala a umwini.